Chimanga Chimene Ndinasinthanitsa ndi Malata

Dzina langa ndine Eliya. Ntchito yanga inali ya matabwa, ndipo ndinaiphunzira ku Mishoni ndili mnyamata. Zitseko ndi mawindo a nyumba zambiri zakale za ku Kabula ndi ku Limbe zinadutsa m'manja mwangamu. Koma lero sindikufuna kunena za zitseko. Ndikufuna kunena za chaka chimodzi, patangopita zaka zochepa chithere nkhondo ya Jeremani, chaka chimene mvula inatithawa kuno kumapiri. Ambiri amene anachiona anatsogola kale. Otsalafe tikakumana timakamba za dzuwa la chaka chimenecho ndi zinthu zimene tinadya. Za ine sakamba, chifukwa ndi anthu aulemu. Tsono ndinene ndekha.

Masiku amenewo m'tsinde mwa phiri la Soche munali minda, nsungwi ndi timidzi tapatalipatali. Ife Akhristu a kumeneko tinali mabanja khumi ndi anayi. Tinali ndi katchalitchi kathu ka njerwa zosaotcha, kofolera ndi udzu. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena onse wotsogolera ndinali ine, mkulu wa mpingo. Ndinali ndisanakalambe, ndinkadziwa kuwerenga, ndinali ndi jekete, ndipo ndikayankhula anthu ankakhala chete. Ine ndinkayesa kuti akukhala chete chifukwa ndimanena zanzeru nthawi zonse.

Chaka cham'mbuyo mwake tinakolola bwino. Ndine ndinabweretsa maganizo akuti banja lililonse lipereke mitanga iwiri ya chimanga, tisunge pamodzi, kuti amasiye ndi odwala asadzavutike miyezi ya mvula. Maganizowo anali abwino, ndipo mpaka lero sindiwakana. Ndinamanga kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ndinaikamo thandala la matabwa kuti chiswe chisafike, chitseko cha mlombwa ndi loko wa kusitolo. Tinkakatcha nkhokwe ya mpingo. Kiyi anandipatsa ine.

Okutobala

Kunatentha kwambiri chaka chimenecho, moti pofika masana nkhuku zinkangoti kakasi pansi pa nthochi, milomo ili yasa. Koma Okutobala amatentha chaka chilichonse, choncho palibe anadabwa.

Lamulungu lina ndinakapemphera ndi anzathu a ku Ndirande, ndipo ndinapeza atafolera tchalitchi chawo ndi malata. Denga linkang'anima munthu uli kutali. Mkulu wa mpingo wa kumeneko, yemwe tinaphunzira naye limodzi ntchito, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Nanga kwanu ku Soche mudakali ndi udzu?" Anangocheza chabe, koma mawuwo ndinayenda nawo njira yonse yobwerera.

Nthawi imeneyo amwenye a masitolo ku Limbe ankagula chimanga ndi mtengo wabwino, chifukwa kunali antchito ambiri a kunjanji ndi a kufodya ofuna phoso. Ndinaitanitsa mpingo. Ndinawakumbutsa kuti denga lathu limadontha, kuti abusa adzabwera pa Khirisimasi kudzabatiza, ndiponso kuti nyumba ya Mulungu siyenera kuoneka ngati khola. Ndinapempha kuti titenge theka la chimanga cha m'nkhokwe tikasinthanitse ndi malata.

Munthu mmodzi yekha ndiye anayankha. Anali a Marita, mayi wamasiye. Amuna awo anatengedwa kukanyamula katundu kunkhondo ndipo sanabwerenso. Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Dorika, wa zaka zisanu. Ankalima okha, koma mitanga yawo iwiri anapereka ngati wina aliyense.

"Pepani a Eliya," anatero atagwada kumbali ya amayi, "mvula sinagwe. Bwanji tidikire kaye, tione chimanga chitamera?"

"Amayi," ndinatero ine, "mukufuna tidzakwere padenga mvula ikugwa?"

Anthu anaseka. A Marita anakhala pansi. Mpingo unavomera, koma a Yosefe, alamu anga, omwenso anali mkulu wa mpingo, anabwereza kawiri kuti, "Theka lokha." Ine ndinati, "Theka lokha."

Chimangacho anatinyamulira Che Saidi, Myao wachisilamu yemwe ankakhala cha ku Kanjedza ndipo anali ndi ngolo ya ng'ombe. Tinkadziwana bwino chifukwa ndinkawakonzera ngoloyo. Titafika ku Limbe, mwini sitolo anayeza chimanga, anayang'ana miyeso ya denga imene ndinalemba pakapepala, n'kupukusa mutu.

"Ichi ndi cha mbali imodzi basi. Mbali inayo mufolera ndi chiyani?"

Ndinaima pakhonde la sitoloyo nthawi yaitali. M'maso mwanga ndinkaona tchalitchi cha malata mbali imodzi, udzu mbali ina, ndi anthu a ku Ndirande akudutsa pamsewu. Ndinauza mwini sitoloyo kuti asunge malata onse, chimanga china chibwera.

Pobwerera Che Saidi anandifunsa, "A Eliya, anzanu akudziwa?"

"Adzadziwa."

"Ine ntchito yanga ndi kuyendetsa ng'ombe. Koma dzana ndinali ku Chiradzulu, ndipo zitsime zimene sizinaphwepo chibadwire changa zaphwa. Amasitolowa akugula chimanga chonchi si chifukwa chakuti amatikonda."

Ndinawauza kuti mvula ili m'manja mwa Mulungu. Iwo anati, "N'zoona," n'kukwapula ng'ombe.

Ulendo wachiwiri tinapanga tsiku limene mpingo wonse unapita ku ukwati ku Ndirande. Ine ndinatsala, ndinati ndili ndi ntchito yofulumira. Ndinasiya mitanga isanu yokha pafupi ndi chitseko. Kumbuyo kwake ndinasanja mitanga yopanda kanthu n'kuifunditsa mphasa, kuti wina akasuzumira aone ngati mwadzaza. Mumtima ndinkati sindikuba. Ndinkati pofika Epulo ndidzabwezeramo chimanga cha m'munda mwanga, ndipo palibe adzadziwe.

Novembala

Malata ndinakhoma ndekha, anyamata a mumpingo akundipatsira. Denga litatha, anthu ankachoka ku Limbe kudzangoliona. A Yosefe anandifunsa kuti zatheka bwanji theka la chimanga kugula malata onsewa. Ndinati mmwenyeyo ndi mnzanga, anandichitira chifundo. Bodza loyamba lonena ndi pakamwa pa za chimangacho linali limenelo, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa.

Pakati pa mwezi mvula inagwa, yamphamvu, tsiku la mapemphero. Phokoso lake padenga linatseka nyimbo, amayi n'kuyamba nthungululu. Potuluka aliyense anandigwira chanza. M'mawa mwake tonse tinali kumunda, ndipo pasanathe sabata chimanga chinamera bwino, mizere yobiriwira kuchokera m'tsinde mwa phiri mpaka kudambo.

Mvulayo inagwanso kamodzi, kenaka inaleka.

Disembala

M'mawa uliwonse tinkadzuka n'kuyang'ana kumwamba. Mitambo inkasonkhana cha ku Mpingwe, kuda bii, mabingu kumveka, koma pofika madzulo mphepo inkaimwaza. Chimanga chinafika m'mawondo, masamba anapiringizika, kenaka chinapsa chili chiimire. Kutagwa kamvula kena tinabzalanso, ndipo mbewu yachiwiriyo inaphikika m'nthaka.

Mitengo kumsika inayamba kukwera tsiku ndi tsiku. Nkhuku imene kale inkagula dengu la chimanga tsopano inkagula nsengwa. Mphekesera nazo zinachuluka. Ena ankati Boma likubweretsa chimanga pa sitima, ena ankati sitimayo ikutulutsa chimanga m'dziko muno. Ena ankati kuchigwa cha Shire anthu ayamba kale kudya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi ija ya m'madambo. M'mudzi mwathu anthu sanachite mantha kwambiri. Ankauzana kuti, "Ife tili ndi nkhokwe ya mpingo."

Pa Khirisimasi abusa anabweradi. Anali mzungu wachikulire amene ankayankhula Chinyanja bwino. Anayamikira denga, anabatiza ana, ndipo ponyamuka anandiitanira pambali.

"Eliya, ndamva kuti muli ndi nkhokwe ya amasiye. Mwachita bwino, chifukwa chaka chino chikhala chowawa. Ikukwanirani?"

Tinali awiriwiri pansi pa mtengo wa mango. Palibe akanamva. Ndinayang'ana denga lija likung'anima kumbuyo kwawo, ndipo ndinati, "Ikwanira, abusa."

Januwale

Chaka chitangoyamba, mabanja anayi anali atasesa kale m'nkhokwe zawo. Anabwera kwa ine. Ndinkalowa m'kachipinda kaja ndekha, n'kutseka chitseko, n'kutuluka ndi nsengwa imodzi ya banja lililonse pa sabata. Akadandaula kuti n'chochepa ndinkawadzudzula, ndinkati njala ikadali kutali ndipo tiyenera kusamala. Mitanga isanu ija itayamba kuchepa, ndinayamba kutapa m'nkhokwe ya kunyumba kwanga n'kumapititsa kumeneko mkazi wanga ali kumunda.

Mkazi wanga Edina sanachedwe kuona. Tsiku lina anandipeza ndili ndi dengu m'manja.

"Bambo, chimanga cha ana chikupita kuti?"

Ndinamuuza zonse. Anakhala pansi pomwepo pafumbi, manja ali pamutu.

"Achimwene anga a Yosefe akudziwa?"

"Ayi."

"Kawauzeni lero. Anthu akudalira chinthu chimene kulibe."

Ndinamupempha kuti andipatse masabata awiri. Ndinati mvula ikhoza kubwera, ndinati ndipeza ntchito ku Kabula ndigule chimanga. Ntchito ndinakaifunadi, koma aliyense amene anali ndi manja anali m'tauni kufuna ganyu. Pa Ginnery Corner anthu ankakhala m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, kudikira wina woti awatume kunyamula katundu kuti alandire mbale ya madeya. Palibe ankafuna chitseko chatsopano.

Aliyense anayamba kuchita zimene akanatha. A Yosefe anagulitsa mbuzi zawo zonse. Amuna atatu anapita kuminda ya azungu ku Thyolo kukagwira ntchito ya phoso lokha. Amayi ankakwera phiri kukatola nkhuni n'kukagulitsa ku Limbe. Anzathu achilomwe, omwe anali atangobwera kumene kuchokera kwa Apwitikizi, anatiphunzitsa kuphika kalongonda, nyemba zija zimene umawiritsa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, chifukwa ukafulumira zimakuzunguza mutu. Ena ankaphika mango osakhwima, ena ankakumba zitsa za nthochi n'kusinja.

Chakumapeto kwa mweziwo a Marita anabwera pakhomo panga, Dorika atamugwira dzanja. Mwanayo anali ataonda, koma ankayenda yekha ndipo anandipatsa moni mwaulemu.

"A Eliya, ndabwera kudzafunsa nzeru. Ndili ndi achimwene anga ku Mulanje, ndipo ndamva kuti kumeneko chinangwa chilipo. Ndikufuna ndinyamuke ndi mwanayu akadali ndi mphamvu zoyendera. Koma ndi ulendo wa masiku atatu, ndipo ndikachoka, munda wanga ugonera mvula ikabwera. Tsono mundiuze zoona. M'nkhokwe muja muli chimanga chotifikitsa Malichi?"

Ndimakumbukira kuti ndinali ndi macheka m'manja, ndipo ndinawaika pansi pang'onopang'ono. Ndikanati ayi, pofika madzulo mudzi wonse ukanadziwa. Ndikanati pitani, akanafunsa kuti chifukwa chiyani wamasiye athawe njala pamene nkhokwe ya amasiye ilipo.

"Chilipo, amayi," ndinatero. "Ndiponso ndalemba kalata ku Mishoni. Chithandizo chibwera posachedwa. Khalani."

Kalata sindinalembe. Kulemba kukanafuna kuti ndifotokoze kumene chimanga chinapita.

A Marita anawomba m'manja. "Zikomo, mwandikhazika mtima pansi." Anatenga mwana wawo n'kubwerera kwawo.

Febuluwale

Mvula inabwerera kumayambiriro kwa mwezi, yambiri, nthawi itatha kale. Tinabzala kachitatu ndi mbewu zopempha, tinabzala mbatata ndi maungu, tikupalira tili ndi njala. Sabata yachiwiri mitanga isanu ija inatha, cha kunyumba kwanga chinathanso. Anthu akabwera ndinkawauza kuti abwere mawa, kiyi ndamuiwala, kapena kuti tikudikira kaye yankho la ku Mishoni.

Edina ndiye anandiuza kuti Dorika watupa miyendo. Amayi ake ankamupatsa phala la zitsa za nthochi, ndipo anayamba kutsegula m'mimba. Edina anatenga kaufa kotsiriza ka ana athu n'kukapereka. Pobwera anaima pakhomo osalowa.

"Mukapanda kunena Lamulungu likudzali, ndidzaimirira ine."

Dorika sanafike Lamulungu. Anamwalira Lachisanu m'mawa.

A Yosefe anabwera kudzandiuza kuti ndikhome bokosi. Matabwa ndinalibe, onse ndinali nditasinthanitsa ndi madeya. Ndinatenga nyundo ndi macheka n'kuwauza kuti anditsate. Tinazungulira kuseri kwa tchalitchi, ndinatsegula loko, ndinakankha chitseko mpaka chinagunda khoma. A Yosefe analowa, anavundukula mphasa, anakweza mtanga umodzi ndi dzanja limodzi, kenaka wina, kenaka wina. Anangondiyang'ana, n'kutuluka.

Ndinazula matabwa a thandala lija ndipo ndinakhoma bokosi la Dorika pomwepo, chitseko chili chotsegula. Pamene ndinkamaliza, anthu anali ataima kumbuyo kwanga. Bokosilo linali laling'ono moti ndinalinyamula ndekha m'khwapa.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, ngakhale amene sankatha kuyenda bwino anabwera. Sindinavale jekete. Ndinaima kutsogolo n'kuika kiyi patebulo. Ndinanena za ulendo wachiwiri wa ngolo, za mitanga yopanda kanthu, za bodza limene ndinauza a Yosefe, ndi yankho limene ndinapatsa abusa. Zimenezi ena anali ataziganizira kale. Panatsala chimodzi chimene palibe akanachidziwa ndikanapanda kunena.

"Kalata ya ku Mishoni sindinalembe. A Marita anandifunsa ngati apite ku Mulanje mwana akadali ndi mphamvu. Ndinawauza kuti akhale, ndikudziwa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndinaopa manyazi."

Bambo wina anadzuka ndi ndodo, anzake anamugwira. Mayi wina anafuula kuti, "Nanga kiyi mwaika apoyo tichite naye chiyani, tidye?" Phokoso linali lalikulu. Kenaka anthu anatembenukira kwa a Marita. Iwo anali atakhala pamphasa, atafunda nsalu kumutu. Sanakweze mawu.

"Ndinakufunsani, a Eliya. Ndinati mundiuze zoona."

Ndikanakonda andimenye ndi ndodo ija.

M'mawa mwake ndinakwera padenga ndi kuzula malata onse, limodzilimodzi. Palibe anandithandiza, ndipo sindinapemphe. Che Saidi atamva anabwera ndi ngolo osaitanidwa. Ng'ombe zawo zinali nthiti zokhazokha. Ku Limbe mwini sitolo analoza mabowo a misomali n'kunena kuti malata obooka ndi akale. Pa denga lonse limene linadya chimanga cha mabanja khumi ndi anayi, anafuna kundipatsa matumba awiri a madeya. Che Saidi ndiwo analimbana naye mpaka anawonjezera thumba limodzi la chimanga. Nditafuna kuwatapira cha ngolo yawo anakana.

"Kapatseni ana. Ine ndinanyamula nawo chimanga chija, ndipo ndinkadziwa kuti anzanu sakudziwa."

Matumbawo sindinawagawe ine. Ndinawatula pabwalo, ndipo anagawa a Yosefe ndi amayi awiri, aliyense akuona.

Tsiku lotsatira a Yosefe ananditenga kupita ku Mishoni. Titalowa pachipata ndinaona mzere wa amayi ndi ana atanyamula timbale. Kumeneko anali akuphika phala la ana kuyambira Januwale, ndipo midzi imene inapempha inkalandira ufa pang'ono sabata iliyonse. Ife a ku Soche sanatiwerengere chifukwa ine ndinati nkhokwe ikwanira. Ndinawafotokozera abusa zonse. Iwo anati, "Ukanabwera mu Januwale." Anandiimika pa ukulu wa mpingo, ndipo analamula kuti ana a kwathu azilandira nawo phala. Pobwerera ndinakhala pansi m'mbali mwa njira. A Yosefe anandidikira, koma anaima patali.

Malichi

Phala linali la ana okha, ndipo chimanga cha kumunda chinali chisanamasule. Anthu anagwirizana zopita kukasuma ku Mulanje. Wodziwa njira ndi abale kumeneko anali a Marita, choncho anatsogolera ndi iwo. Tinanyamuka anthu asanu ndi anayi. Ine sanandiitane. Ndinangotenga zipangizo zanga ndi kutsatira kumbuyo, ndipo sanandibweze.

Masiku atatu a ulendowo palibe anandiyankhula kupatula pondiuza kuti ndinyamule ichi kapena icho. Ndinali ndi nthawi yambiri yoyang'ana. A Marita sankadziwa kuwerenga ndipo mawu awo anali apansipansi. Koma tikafika pamphambano ankaima n'kunena kuti, "Njira iyi ndi yaifupi koma ili ndi mtsinje, ndipo sindikudziwa ngati wadzaza. Mukuti bwanji?" Dzuwa likapendeka ankamasula kathumba ka kamba wathu n'kukaika pakati, kuti aliyense aone ndi maso ake zimene zatsala. Tsiku lachiwiri anatisocheretsa, tinayenda mtunda wautali pachabe. Anangoima n'kunena kuti, "Ndalakwitsa, tibwerere." Anthu anadandaula pang'ono, tinabwerera, nkhani inathera pomwepo. Ine ndinayenda ndi mawu awiri amenewo tsiku lonse. Pa zaka zonse zimene ndinatsogolera mpingo ndinali ndisanawanenepo, mpaka mwana atalowa m'manda.

Ku Mulanje chinangwa chinalipodi. Anzanga ankapalira m'minda ya eni ake n'kulandira makaka, chinangwa chouma chija. Ine ndinkayenda khomo ndi khomo kukonza zitseko, mipando ndi mipini, ndipo zonse zimene ndinkalandira ndinkathira pamulu wa gulu. Pakhomo pa achimwene awo a Marita panali ana anayi, onenepa bwino, akusewera pabwalo. Mmodzi anali wamsinkhu wa Dorika. Ndinaona a Marita akumuyang'ana, ndipo ndinazungulira kuseri kwa nyumba.

Tinapanga maulendo awiri. Pobwera ulendo wachiwiri tinapeza nkhwani wachuluka ndipo maungu ayamba kukhwima. M'mudzi mwathu chaka chimenecho tinaika maliro atatu, a nkhalamba ziwiri ndi a Dorika. Za nkhalambazo ndikhoza kunena kuti inali njala. Za Dorika sindinganene choncho.

Epulo

Anthu sanadikire kuti chimanga chiume. Ankathyola chachiwisi, kusenda, kuyanika ndi kusinja chitibu. Nkhope zinayamba kubwerera. Tinkapemphera m'tchalitchi chopanda denga, mapaso ali poyera, ndipo mvula ikabwera tinkathawira pansi pa mango. Ine ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ana ena ankandiloza. Mnzanga wa ku Ndirande uja nditakumana naye pamsika anayang'ana kumbali kuti andipeputsire manyazi, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Ndinaganiza zosamuka. Ndinauza Edina kuti mmisiri sasowa ntchito, tikhoza kupita ku Zomba kumene sakundidziwa.

"Inu mupite," anatero. "Ine kwathu ndi kuno. Koma mukapita, a Marita azidutsa pamanda paja tsiku lililonse, inu muli ku Zomba mukulandira ulemu. Mukuona kuti zili bwino?"

Sindinapite.

Meyi

Zokolola zinali zochepa, koma zinalipo. A Yosefe anaitanitsa msonkhano kuti tikambe za nkhokwe ya mpingo. Ambiri anakana. Anati aliyense asunge chake, za pamodzi taziona. Ine ndinali kumbuyo, mutu uli pansi. Zinaoneka kuti nkhani yatha, pamene a Marita anagwada.

"Ine ndipereka mtanga umodzi," anatero. "Nkhokwe ija sinalakwe. Ikanakhala yodzaza, mwana wanga bwenzi ali pano. Koma isakhalenso ya chitseko ndi loko. Ikhale ya nsungwi, pabwalo panga, poti aliyense wodutsa akhoza kukwera n'kusuzumira."

Anthu anang'ung'udza, kenaka mmodzimmodzi anayamba kuvomera. A Yosefe anafunsa kuti woyang'anira akhale ndani. Ena anatchula a Yosefe omwewo, ena anatchula a Marita.

"Akhale a Eliya," anatero a Marita.

Bambo wa ndodo uja anaimirira. "Amayi, mwazungulira mutu? Munthu amene anakupherani mwana?"

"Yemweyo. Enanu nonse ndinu anthu abwino, koma simunayesedwe. Tsiku lina wina adzabwera kudzakufunsani ngati chimanga chilipo, inu muli ndi manyazi, ndipo sindikudziwa chimene mudzayankhe. Awa ndikudziwa. Anakhoma okha bokosi lija."

Ndinafuna kukana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindiyenera, koma ndinaona kuti kukanako kukanakhala kudzisungira ulemu wanga kachiwiri. Ndinati ndivomera ngati a Yosefe ndi mayi mmodzi azikhalapo nthawi iliyonse imene ndikuthira kapena kutapa, ndiponso ngati Lamulungu lililonse ndiziima n'kunena chimene chatsala, chichuluke kapena chichepe. Anavomera. Ntchito imeneyo ndinaigwira mpaka maso anga atayamba kuchita khungu, ndipo zaka zina ndinaima kutsogolo ndi mawu owawa akuti chimanga sichikwana, amene ali ndi abale kwina anyamuke msanga. Palibe anandida chifukwa cha mawu amenewo.

Tsiku lija msonkhano utatha, anthu anabalalika, ine ndinatsala nditakhala pomwe ndinali. A Marita anabwera n'kuima patsogolo panga. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichokere Febuluwale.

"Musamve molakwa, a Eliya. Sindinakukhululukireni. Kaya ndidzatha, sindikudziwa."

"Ndamva, amayi."

"Tsono mwakhaliranji? Nsungwi za nkhokwe zili kuphiri."

Ndinadzuka, ndinakatenga chikwanje kunyumba, n'kuyamba kukwera Soche. Nditafika pamwala waukulu ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali a Yosefe ndi bambo wa ndodo uja, aliyense ndi chikwanje chake. Ine sindinatembenukenso. Tinakwera.